Mkwatibwi wa Pawindo

Okondedwa achemwali,

Landirani moni, inu, alamu ndi ana. Muli bwanji kumeneko? Msana uja unasiya kukuvutani? Wamng'ono uja mano anamera onse, kapena akadakuchezetsani? Kuno ine ndili bwino, ntchito ikuyenda. Za amayi sindinena kuti ali bwino, ndipo n'chifukwa chake ndalemba.

Ndikupempha kuti mubwere mwezi uno usanathe. Pempholi ndaliika poyamba kuti mukatopa nayo kalatayi pakati, mukhale mutaliona kale. Ndikanaimba foni, koma mukundidziwa. Mukangoti fulumira ndili pamoto, mawu onse amandithawa, ndimatsala ndikufunsa za mvula. Komanso makutu a amayi ndi aja, amamva ngakhale ali kubafa madzi akutsika.

Nkhaniyi ikudzera kuntchito kwanga, kumene simukonda kumva. Pa maliro a bambo munandiuza kuti munthu wopita ku yunivesite sangathere moyo wake kuseweretsa imfa. Masiku ena ndimaona ngati munanena zoona. Pirirani pang'ono, muwerenge mpaka kumapeto.

Kuntchito tilipo atatu: abwana, ine, ndi mnzanga amene timangomuitana kuti Ndevu. Timapanga mabala abodza, nkhope zoopsa, manja oduka, chilichonse chimene a mafilimu ndi a zisudzo atipempha. Ndevu amaumba ndi kuthira m'zikombole, ine ndimapaka utoto ndi kubzala tsitsi. Chipinda chathu n'chachitali, chili kuseri kwa sitolo ya matayala, ndipo chimanunkha labala ndi khofi wa abwana.

Kukhoma lakumapeto kuli mashelefu a nkhope. Ndi nkhope za anthu enieni, zotengedwa ndi chikhakha chomwe chija amamangira munthu wothyoka mkono. Zonse n'zoyera, maso otseka, zopanda tsitsi. Sitilembapo mayina. Timaziitana ndi zimene tikuona: Mphuno, Masaya, Wamakwinya, Chipumi. Ukazolowera suonanso anthu, umangoona zipangizo, ngati mmene telala amaonera nsalu.

Mwezi watha kunabwera mwini wa malo ena odyera, aja a mawindo aakulu oyang'ana kumsewu. Akuti chaka chino pa tsiku la okondana safuna timitima ta mapepala ngati anzake onse, akufuna anthu aziima pawindo pake n'kumajambula. Anafuna mkwati ndi mkwatibwi akufa, ovunda kale, atakhala patebulo la makandulo, mkwatiyo atatsegula chifuwa akupereka mtima wake pambale. Pamwamba palembedwe kuti ngakhale manda sanawalekanitse. Abwana anavomera munthuyo asanamalize kulankhula.

Ndevu anapita kumashelefu. Ya mkwatibwi anatenga nkhope ya mtsikana wina wa zisudzo amene anatisiyira kalekale. Ya mkwati anatenga Wamakwinya, akuti makwinya amavunda mokoma. Ine mitu iwiriyo inandipeza itathiridwa kale, labala wotuwa wopanda mtundu, tsaya limodzi la mkwati atalidula mpaka mano kuonekera.

Mutu wa mkwatiyo ndinakhala nawo masiku ambiri. Popaka utoto suyang'ana nkhope yonse. Umayang'ana kachigawo kakang'ono ngati chikhatho cha khanda. Umayamba ndi zofiira pansi, kenako zobiriwira, kenako zachikasu m'mbali, chifukwa khungu limafa motero. Pobzala tsitsi mutuwo umakhala pamiyendo pako chozondoka, iwe n'kumabaya ndi singano tsitsi limodzilimodzi. Ndinaika imvi. Ndinaika nsidze. Ndevu anati sindinapangepo ntchito yabwino kuposa imeneyi, ndipo ndinasangalala.

Achemwali, Wamakwinya ndi bambo.

Mwina mukukumbuka. Ndili chaka chomaliza ku yunivesite ndinafunika kuphunzira kutenga nkhope, ndipo aliyense kunyumba anakana. Inu munati simungafe ndi phala m'mphuno chifukwa cha digiri ya munthu wina. Bambo anangokoka mpando pakhonde n'kuti tiye nazo. Nkhope imeneyo ndinabwera nayo kuntchito m'katoni, pamodzi ndi za anzanga a m'kalasi, ndinaiika pashelefu, zaka n'kumapita. Sindinganene kuti ndinaiwala kuti ilipo. Ndinangosiya kuiona.

Amene anaizindikira ndi amayi. Tsiku lina pochokera kuntchito ndinawapeza atakhala kukhitchini, nsapato asanavule, chikwama chili pamiyendo. Anandifunsa ngati zidole za pawindo la malo odyera aja zili zathu. Ndinavomera, monyadira pang'ono. Ndiye anafunsa kuti mtsikana wakhala ndi bambo akoyo ndi ndani.

Ndinaganiza kuti mutu wawo wayamba kusokonezeka. Anandiyang'ana mmene amayang'anira munthu wothira mchere kawiri, amvekere iwe mwana, masukulu onsewa sudziwa pakamwa pa bambo ako? Akuti mlomo wakumanzere wakwera pang'ono, mmene ankachitira akamabisa kuseka m'tchalitchi. Ndipo n'zoona. Tsiku ndinkawatenga nkhope lija ankalimbana ndi phwete pansi pa chikhakha, chifukwa inu munaima pakhomo n'kumawafunsa kuti njinga asiyira ndani.

Ndinapita kubafa n'kutseka chitseko. Sindinalire. Ndinkangoyang'ana zala zanga, m'zikhadabo mukadali utoto wobiriwira.

Nditatuluka ndinawapepesa, ndinati mawa lomwe ndikauza abwana tikachichotse. Anakana. Akuti kuvundako sikukuwakhudza, iwo anamusambitsa munthuyo miyezi yonse ija ya kuchipatala, anaona zoposa penti wangayo. Akuti ngakhale tsaya ndalakwitsa, zenizeni sizikongola choncho. Chimene chinawawawa ndi tebulo. Zaka zonse za banja lawo bambo sanawatengereko n'kamodzi komwe kumalo a makandulo. Akadandaula, ankayankhidwa kuti makandulo ntchito yake ndi magetsi akazima. Lero munthu wamwalira, wavala suti, wagula maluwa, wakhala ndi kamtsikana kosaposa mwana wake, pamsewu, anthu akujambula. Amvekere mwamuna ndi mwamuna ndithu, ngakhale wa labala.

Ndinaseka. Iwo sanaseke. Anati ndichotse mutu wa mtsikanayo ndiikepo wawo.

M'mawa mwake ndisanapite kuntchito ndinadzera pa malo odyerapo. Ndinaima tsidya lina la msewu, patali, kuti ndione nkhope yonse nthawi imodzi. Sizinatenge nthawi. Anali bambo, makutu awo, mphuno yawo, atawerama pang'ono ngati mmene ankakhalira powerenga nyuzi. Ndevu nditamuuza anakhala pansi pakatoni, amvekere ukanandiuza ndikanawasiyira tsaya lawo madalawo. Ndinamuuza kuti si vuto lake. Iye sanawaonepo bambo. Ine anandibereka.

Za pempho la amayi ndinakana masiku angapo. Ndinati si bwino kupanga mtembo wa munthu wamoyo. Anati nanga mtsikanayo anafa? Ndinati achemwali akamva ndisowa kothawira. Anati inu muli kutali, mkwiyo wanu udzafika kuno utazizira. Ndinati abwana sangalole. Tsiku lotsatira ndinawapeza atandifikira kale kuntchito, akumwa khofi ndi abwana, Ndevu akuwatchula kuti apongozi. Abwana anati mkwatibwi wachikulire ndi nzeru yabwino, nkhalamba ziwiri zimagwira mtima koposa, mwini malo akondwera. Ine ndinangovala epuloni.

Ndikufotokozereni mmene timatengera nkhope, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Munthu amakhala pampando wotsamira. Timamuphimba tsitsi, n'kumupaka mafuta kumaso ndi m'khosi kuti phala lisakakamire. Kenako timathira phala lozizira, lofewa, ngati lija la madokotala a mano, nkhope yonse kusiya mabowo a mphuno okha, pamwamba pake n'kuyala nsalu za chikhakha. Mpaka ziume munthuyo saona, salankhula, ndipo sayenera kugwedeza mutu. Choncho timapangana naye tisanayambe. Wina amamugwira dzanja nthawi yonse. Tikafunsa kanthu, kufinya kamodzi ndi inde, kawiri ndi ayi. Lamulo lathu n'lakuti wogwira dzanja asalitaye ndipo asasiye kulankhula, chifukwa mdima umenewo umaopsa ngakhale amuna akuluakulu.

Amayi anakhala pampando ngati ali kusaluni. Anauza Ndevu kuti makwinya awo asachotse, koma asawonjezerenso ake. Ndinawapempha avule mpango umene akhala akumanga m'khosi chichitikire maliro. Anazengereza, kenako anavula. Ndinayamba kupaka mafuta, pachipumi, pamasaya, pansi pa chibwano. Nditatsikira kukhosi cha kumanja, chala changa chinagunda chinthu cholimba, ngati dzira la nkhunda, chosasuntha. Anandichotsa dzanja n'kuti fulumira, phala la mwana wa eni akeyu liuma.

Ndevu anathira. Nkhope yawo inabisika pang'onopang'ono, maso, masaya, pakamwa pomaliza. Ine ndinakhala pakampando pambali, dzanja lawo lili m'manja mwanga. Atamaliza kuyala nsalu, Ndevu anatuluka kukasamba m'manja kumpopi wa panja.

Chibadwire sindinapambanepo mkangano ndi amayi. Amandithera ndi nthabwala ndisanamalize funso. Apa nthabwala zonse zinali pansi pa chikhakha. Sindikudziwa ngati ndinachita bwino. Mwina ndi nkhanza kufunsa munthu amene sangathawe.

Ndinafunsa ngati akupuma bwino. Anafinya kamodzi.

Ndinafunsa ngati chotupacho akuchidziwa. Kamodzi.

Ndinafunsa ngati chikupweteka. Kawiri. Patapita kanthawi, kamodzi.

Ndinafunsa ngati anapita nacho kuchipatala. Kamodzi. Apa m'pamene ndinazindikira chimene ankachita mumsewu wa malo odyera aja, kutali ndi msika wawo ndi tchalitchi chawo. Msewu umenewo umatsikira kuchipatala chachikulu.

Ndinafunsa ngati adokotala anati abwerenso akachichotse. Kamodzi. Ngati anabwerera. Kawiri. Ngati akuganiza zobwerera. Kawiri, mwamphamvu, mpaka mphete yawo inandilowa m'chala.

Ndinafunsa ngati inu mukudziwa. Kawiri.

Ndiye ndinafunsa ngati ndikuuzeni. Dzanja linangokhala. Ndinadikira, ndinabwereza funso. Sanafinye kamodzi, sanafinye kawiri. Ndinkamva mpweya ukulowa ndi kutuluka m'timabowo tija, bwinobwino, mosathamanga. Tinakhala choncho mpaka chikhakha chinayamba kufunda, chimene chimasonyeza kuti chauma.

Titachotsa anaphethira, n'kufunsa Ndevu ngati pali anthu amachititsa zimenezi mwakufuna kwawo, akuti khungu lawo silinasalalepo chotere. Anamanga mpango wawo. M'basi pobwerera ankandionetsa nsalu za m'mawindo a masitolo. Za mafunso anga sanatchule, ndipo mpaka lero sanatchule. Ndikangoyamba, amandituma kukaona ngati ndatseka mpopi.

Mutu wawo ndinaupaka ndekha. Chotupa chija chinatuluka m'chikombole momwe chilili. Ndevu anaganiza kuti mpweya unalowa m'phala, anatenga mpeni kuti achipale. Ndinamuuza achisiye, velo ibisa.

Ulendo uno kugwira kachigawo kachigawo kunandikanika. Paliponse pamene burashi yagwera panali amayi. Ndinayesa kuzemba, ndinaika utoto wochepa, kuti akhale mkwatibwi wongogona. Anabwera kudzaona, amvekere ukufuna anthu aziti nkhalamba yoola yakwatira mkazi wamoyo? Mwamuna wanga ngati wavunda nane ndivunde, tinalumbira zofanana. Ndinatenga zobiriwira. Ndi ntchito yabwino, achemwali. Ntchitoyi ndimaitha, ndipo sindikudziwa kuti kuitha kumeneku kukunena chiyani za ine.

Pa tsiku la okondana amayi anavala diresi la buluu lija la pa ukwati wanu. Likuwakhwepa tsopano, anamanga ndi lamba. Tinapita masana. Pawindo panali anthu ambiri, anyamata ndi atsikana awo atanyamula maluwa, akujambulitsa, ena akukuwa mwadala kuti agwiridwe m'chiuno. Palibe anazindikira kuti mayi waima pambali pawoyo ndi yemwe wakhala mkatimo. Amayi anayang'ana nthawi yaitali. Anati tayi ya bambo yapendekeka, ndikawongole. Kenako anati mayi wa pawindoyo akuoneka kuti wapuma. Mtsikana wina anawapempha asunthe pang'ono, akutchinga. Anasuntha.

Ndinabwererako ndekha m'mawa mwake, malowo asanatsegule. Magazi a pambale timapanga ndi manyuchi ndi utoto, ndiye amaitana nyerere, ayenera kusinthidwa pafupipafupi. Ndinalowa m'windomo ndi ndowa ndi kansalu. Ndinatsuka mtima, ndinathira magazi atsopano, ndinawongola tayi. Malo ndi ochepa, ndiye kuti ndifikire mbale ndinayenera kuima pakati pawo, phewa ili likukhudza bambo, ili likukhudza amayi. Mwamuna wina wosesa mumsewu anandibayibitsa. Ndinabayibitsanso.

Ndili m'menemo ndinaganiza kuti mwina chimene ndinawapangira amayi si nthabwala. Mwina ndinawaonetsa malo awo atakonzedwa kale, mpando utakokedwa, makandulo atayatsidwa, ndipo anawakonda. Sindikudziwa. Ine ndimadziwa mtundu wa khungu lakufa, za amoyo ndimaphonya kawirikawiri. Ndakhala nawo nyumba imodzi, tebulo limodzi, akusiya chakudya m'mbale, mpango uli m'khosi ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ine n'kumati ndi chisoni chabe.

Kuchipatala ndinapitako ndekha. Sangandiuze zambiri popanda mwini wake, ndipo ndikuwamvetsa. Koma namwino wina anandiperekeza mpaka pakhomo n'kundiuza mwachidule kuti zinthu zotere sizidikira munthu, ndibwere nawo msanga.

Ine sangandimvere. Kwa iwo ndikadali mwana wosewera ndi dothi. Inu amakuopani, ngakhale sangavomere. Ndinu munawaletsa kugulitsa nyumba bambo atangomwalira. Ndinu mumawamwetsa mankhwala a kuthamanga kwa magazi kudzera pafoni, ine nditaima pomwepo ndi kapu ya madzi. Ngati alipo munthu angawalowetse pakhomo la chipatala, ndinu.

Ndikudziwa kuti kupempha tchuthi kuntchito n'kovuta, ndipo ana ena ali pasukulu. Ndikudziwanso kuti dzanja lija silinanene kuti inde. Ndalitanthauzira ndekha, ndipo ngati ndalakwa mlandu ndi wanga. Koma amayi akafuna kukana amadziwa kukana. Munthu amene anandibaya ndi mphete pokana chipatala sakanalephera kufinya kawiri.

Pali chinanso. Mukafika musanene kuti ndakuuzani za khosi. Akadziwa kuti mwabwerera matenda adzatseka pakamwa, ndipo mudzamwa tiyi sabata yonse mukumva za ana a anansi. Nenani kuti mwamva zoti ndaika bambo ndi amayi pawindo ngati mitembo, ndipo mwabwera kudzandikalipira. Adzakhulupirira, ndipo adzafuna kukakuonetsani okha. Zidolezo zikhalapo mpaka kutha kwa mwezi.

Mukwere nawo basi, mutsikire pa malo odyerapo. Muone zonse, munene zonse zimene mukufuna kunena za ine, zambiri zidzakhala zoona, ndipo sindidzayankha. Mukatha musawolokere kumene kumaima basi yobwerera. Muwakole mkono mutsike nawo msewu womwewo, mukukalipabe. Ine ndidzakhala pambuyo panu nditanyamula chikwama chawo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndangobwereka mkazi wawo, ndidzabweza. Ana muwasisite mitu m'malo mwanga. Wamkulu uja anandipempha chala choduka chokaopsezera anzake kusukulu, mumuuze kuti mayi ake aang'ono sanaiwale, chikudikira chilolezo chanu. Mulungu asunge nyumba yanu ndipo akuyendetseni bwino panjira. Mundiuze tsiku, ndidzakuchingamirani.

Ndine mng'ono wanu.